Kodi Nchilungamo Kuyeza Msinkhu pa Chipata cha Masewera?

Pali nkhani imene yautsa mapiri pachigwa pakati pa ife ophunzira chigawo chino, ndipo ndaona kuti nkwabwino ndiikepo mawu anga m'magazini yathu ino, kuti anzanga pamodzi ndi aphunzitsi athu olemekezeka aweruze okha. Nkhaniyi ndi ya sitima zamasewera zimene Azungu amazitcha roller coaster. Abale athu amene ali ku Joni amatumiza zithunzi zake pa lamya za makolo athu, ndipo chiyambire kuzionera mtsutso sukutha. Ena akuti sitima zotere zidzafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe tisanamalize Folomu 4. Ena akuti Aluya adzamanga ina yotalika kuposa phiri la Chikala. Koma chimene chakwiyitsa ambiri, makamaka anzathu aafupi, ndi mbiri yakuti pa chipata cha sitimazi pamaima ndodo yoyezera, ndipo munthu wosafika pa mzere wake amabwezedwa ngakhale ndalama ali nazo m'manja. Iwo akuti kumeneku nkusankhana. Ine ndikuti ndodoyo ndi bwenzi la munthu wamfupi, ndipo ndifotokoza zifukwa zanga.

Poyamba tidziwe chinthu chimene tikukanganirachi, pakuti safunsa anadya phula. Sitima yamasewera ilibe injini monga ili nayo sitima ya pamtunda yopita ku Nayuchi. Unyolo wachitsulo umaikokera pang'onopang'ono pamwamba pa chitunda choyamba, ndipo ikafika pansonga unyolowo umaitaya. Kuchokera pamenepo imayenda ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, monga wanjinga amene akutsika mtsetse osapalasa. Nchifukwa chake pa sitima zokokedwa ndi unyolo chitunda choyamba ndicho chachitali koposa zonse, pakuti sitimayo singakwere kupitirira pamene inayambira. Amene timaphunzira sayansi tingathe kuwerengera tokha: chinthu chogwa kuchokera pa mamita 50, mphepo ikapanda kuchitchinga, chimafika pansi pa liwiro loposa makilomita 110 pa ola. Zina zatsopano sizidikira unyolo, koma makina amaziponya monga mwala wa pa legeni. Ndipo kuti isachoke pa njanji pamene yazondoka, sitimayi ili ndi mawilo a mitundu itatu: ena pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi kwake.

Masewerawa sanayambe dzulo. Anthu a ku Russia ankamanga zitunda za matabwa nkuzikuta ndi madzi oundana kuti azitsetsereka. Ku Pennsylvania, m'dziko la Amereka, kunali njanji yotsitsira malasha kuchokera kuphiri, yomangidwa m'chaka cha 1827, imene pambuyo pake inayamba kunyamula anthu ofuna kumva kukoma kwa liwiro. M'chaka cha 1884 bambo wina, LaMarcus Thompson, anatsegula sitima yake ku Coney Island mu mzinda wa New York, ndipo inkathamanga pafupifupi makilomita 10 okha pa ola. Taonani, liwiro limene wakabaza wa ku Nselema angaliseke ndilo linkakuwitsa anthu a ku New York masiku amenewo!

Tsono tibwere kwa anzanga olosera aja, amene akuti sitimazi zidzangotalikiratalikira mpaka kukagunda mitambo. Nzoona kuti mpikisano ulipo. M'chaka cha 2005 ku New Jersey anatsegula Kingda Ka, yotalika mamita 139, ndipo kwa zaka zambiri panalibe ina yoiposa. M'chaka cha 2010 ku Abu Dhabi anatsegula Formula Rossa, yothamanga makilomita 240 pa ola, mwakuti okwera amavala magalasi otchinga maso kuopa mchenga ndi tizilombo touluka. Ndipo kumapeto kwa chaka cha 2025, ku Qiddiya pafupi ndi mzinda wa Riyadh ku Saudi Arabia, anatsegula Falcon's Flight, imene njanji yake ndi yopitirira makilomita 4 ndipo liwiro lake limafika makilomita 250 pa ola. Komatu funsani kuti Kingda Ka ili kuti lero. Anaitseka m'chaka cha 2024 ndipo anaigwetsa m'chaka cha 2025. Chinthu chachitali chimadya ndalama zambiri pochisamalira, ndipo kutalika kokha sikunaipulumutse.

Ine kulosera kwanga nkwakuti mpikisano wa kutalika uli ndi malire, ndipo malire oyamba ndi thupi la munthu. Sitima ikakhota mwamphamvu pa liwiro lalikulu, magazi amatsikira kumiyendo, ubongo umaperewera, maso amachita chidima, ndipo munthu angathe kukomoka. Amisiri angalimbitse chitsulo, koma sangalimbitse mitsempha ya wokwera. Malire achiwiri ndi malamulo a dziko. Ku Alton Towers ku Mangalande salola kumanga chinthu choonekera pamwamba pa mitengo, kuti malo a makedzana aja asaipe maonekedwe. Kodi eni ake analira? Iyayi. Anakumba dzenje lalikulu m'thanthwe namangamo sitima yotchedwa Nemesis m'chaka cha 1994, ndipo inatchuka dziko lonse. Ku Florida a Disney amaimitsa nyumba zawo zazitali pa mafiti 199, chifukwa chofika mafiti 200 chiyenera kukhala ndi nyali zochenjeza ndege. Ngakhale Falcon's Flight yomwe ija inabwereka phompho la chilengedwe kuti ipeze potsikira. Choncho amene adzapambane m'tsogolo ndi mmisiri wanzeru wodziwa kugwira ntchito mkati mwa malire, osati wongounjika zitsulo.

Sitima zimene ife a kuno ku Chikweo timamva mbiri yake kawirikawiri ndi za ku Gold Reef City mu mzinda wa Johannesburg. Malowa anamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines. Kuli sitima yotchedwa Anaconda, imene okwera amalendewera kunsi kwa njanji miyendo ili m'malere, ndi ina yotchedwa Tower of Terror, imene imagwa chamutu pafupifupi mamita 50 nkulowa m'dzenje pansi pa nthaka. Ndikaganiza za malowa mtima wanga umagwidwa ndi zinthu ziwiri. Agogo athu ambiri a m'dziko muno anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo ankatsikira pansi pa nthaka ndi mantha enieni kuti apeze ndalama ya msonkho ndi bulangete. Lero adzukulu awo amalipira ndalama kuti agule mantha a masekondi ochepa. Dziko limazungulira ndithu. Ndipo nkumeneko kumene kuli ndodo yakwiyitsa anzangayi, pakuti pa sitima zazikuluzo safuna munthu wosafika mita imodzi ndi masentimita 30.

Mlandu wa anzangawa ndaumva bwino, ndipo suli wopanda nzeru. Iwo akuti: tatengani msungwana wa zaka 15, wolimba mtima, woyenda yekha mtunda wautali kudza kusukulu, koma wamfupi, ndipo tatengani kamnyamata ka zaka 9 kotalika ngati nsungwi koma kamantha. Pachipata kamnyamatako kalowa, msungwanayo abwezedwa. Kodi chilungamo chili pati? Bwanji osafunsa zaka, kapena kumusiya munthu asankhe yekha?

Yankho langa loyamba nlakuti ndodoyo siyeza kulimba mtima, ndipo siyeza nzeru. Imayeza ngati thupi likukwana pa mpando. Chimene chimagwira munthu pamene sitima yazondoka ndi chitsulo chotsikira pa ntchafu kapena chokoleka m'mapewa. Chitsulocho amisiri anachipanga poyeza thupi la msinkhu wakutiwakuti. Munthu akachepa, pakati pa iye ndi chitsulocho pamatsala mpata. Msana wake sutsamira pamene uyenera kutsamira, mutu wake sufika pa chotsamira mutu, ndipo pamene sitima ikugwa thupi lake lingathe kupulumukira pa mpata uja. Tonse tikudziwa chimene chimachitika munthu akavala nsapato ya mkulu wake nkuyamba kuthamanga. Nsapato imavuka ngakhale mwini phazi akhale wolimba mtima chotani. Kusiyana kwake nkwakuti nsapato ikavuka umabwerera nkukaitola, koma munthu akavuka pa mpando ali m'mwamba salinso wotola.

Yankho lachiwiri nlakuti lamuloli silisankha aafupi okha. Pa sitima zina amabwezanso munthu wamtali kwambiri, kuopa kuti mutu kapena miyendo ingagunde zitsulo, ndiponso munthu wonenepa amene chitsulo sichingatsekeke pa iye. M'chaka cha 2022 ku Orlando, m'dziko la Amereka, mnyamata wa zaka 14 anagwa kuchokera pa makina okweza anthu m'mwamba nkuwatsitsa mwaliwiro, ndipo anamwalira. Ofufuza anapeza kuti thupi lake linaposa kulemera kumene opanga makinawo analemba, ndiponso kuti wina anasintha kachida koonetsa ngati chitsulo chatsekeka, kuti anthu aakulu matupi azikwera. Amene anafewetsa lamulo mwina ankaganiza kuti akuchita chifundo, koma chifundo chimenecho chinaphetsa mwana wa eni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Yankho lachitatu nlakuti zaka zimanamizika koma msinkhu sunamizika. Ndani mwa ife sadziwa munthu amene zaka zake zimasintha malinga ndi kumene akupita, zochepa pa mpira wa achinyamata, zambiri pofuna ntchito? Makolo athu amatiuza kuti kale, pamene zikalata za kubadwa zinali zosowa, mphunzitsi ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu nkugwira khutu la mbali ina. Akaligwira, wayamba sukulu, akalephera, abwere chaka chamawa. Palibe amene ankati mphunzitsi ndi wankhanza. Onse ankadziwa kuti muyeso umenewo sulandira chiphuphu, sudziwa mwana wa mfumu kapena mwana wa msodzi. Ndodo ya pachipata ndi mdzukulu wa muyeso womwewo. Ndipo amene amaika mapepala m'nsapato kapena kuimirira ndi zala kuti afike pa mzere sanamiza mlonda, anamiza khosi lake lomwe.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene anzanga aafupi akunena zoona, ngakhale akuchiloza ndi chala cholakwika. Mwana wokula bwino amafika pa mita imodzi ndi masentimita 30 ali ndi zaka 8 kapena 9. Nanga nchifukwa ninji m'midzi mwathu muli ana ambiri opitirira zaka zimenezo amene sangafike pa mzerewo? Nzoona kuti kufupika kwina nkwa kumtundu, ndipo kumeneko kulibe manyazi ngakhale pang'ono. Munthu wamfupi wobadwa kwa makolo aafupi ndi wathanzi monga wina aliyense. Koma kulinso kufupika kwina kumene achipatala amakutcha kupinimbira, kobwera chifukwa cha kuperewera kwa zakudya ndi kudwaladwala pa ubwana. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira. Anzanga, tikanaika ndodo ija pa msika wa Chikweo tsiku la msika, ikanatiuza nkhani yowawa kuposa ya kubwezedwa pa masewera.

Achipatala amatiphunzitsa kuti msinkhu wa munthu umaumbidwa kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo chimene chatayika pa nthawi imeneyo nchovuta kuchibweza. Ndiponso kupinimbira sikukhudza miyendo yokha, kumakhudza ndi ubongo womwe, kotero kuti mwana amavutika m'kalasi. Chodabwitsa nchakuti sitikhala m'chipululu. Nyanja ya Chiuta ili pafupi, ndipo nsomba zimadutsa pa njinga m'makomo mwathu kupita ku Ntaja ndi ku Liwonde. Timalima nandolo, mtedza, mpunga, chinangwa ndi maungu. Koma kangati timagulitsa mtedza wonse ndi mazira onse, mwana nkumamwa phala loyera la mchere wokha? Magulu asanu ndi limodzi a zakudya timawaloweza pamtima chifukwa cha mayeso, koma m'mbale ya mng'ono wathu mumapezeka gulu limodzi kapena awiri.

Pano ndilankhule ndi alongo anga asungwana, ndi anyamata omwe amve. Boma lathu la Machinga ndi limodzi mwa maboma amene asungwana ambiri amatenga pakati akadali aang'ono. Msungwana amene thupi lake likukulabe akakhala ndi pakati, iye ndi mwana wake amalimbirana chakudya chimodzi, ndipo kawirikawiri mwanayo amabadwa wochepa thupi. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Imeneyonso ndi ndodo ya pachipata. Wina angathe kuitcha yankhanza pamene mtima ukumuthamangitsa, koma inaikidwa pa chifukwa chimodzimodzi ndi ija ya ku Joni: kuti munthu asakwere chinthu chimene thupi lake silinafikepo. Kuthamanga sikufika.

Chinanso chimene chimandidabwitsa ndi ichi. Tikukangana za ndodo imene ili kutali ku Johannesburg, pamene sitima zathu zamasewera tili nazo pompano, ndipo zilibe ndodo kapena chitsulo chogwira munthu. Ndikunena matola amene timakhala pamwamba pa matumba a chimanga miyendo ili kunja. Ndikunena njinga yamoto ya kabaza yonyamula bambo, mayi, ana awiri ndi mbuzi, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chipewa chotchinga mutu, ikuuluka m'mabampu a msewu wafumbi. Ndikunena bwato lodzaza mpaka m'milomo pa nthawi ya mwera. Sitima ya ku Joni imaoneka yoopsa koma amisiri amaiyendera tsiku ndi tsiku. Zathuzi zimaoneka zachizolowezi koma ndizo zadzaza zipatala ndi anthu othyoka miyendo. Tikuopa chithunzi cha mkango pamene njoka ili pansi pa mphasa.

Nanga za kulosera kuti sitima zotere zidzafika m'Malawi? Ine sindikuona sitima yaikulu ikubwera msanga. Kumanga imodzi kumadya mabiliyoni ambiri a kwacha, ndipo pamafunika anthu ochuluka olipira chaka chonse. Ngakhale ku Cape Town, mzinda wa alendo ambiri, malo otchedwa Ratanga Junction anatsekedwa m'chaka cha 2018. Zimene zingayambe kufika kuno ndi zing'onozing'ono zoyenda nazo pa lole, ndipo zambiri zingakhale zogwiritsidwa kale ntchito kwina, monga zilili galimoto zathu. Pamenepo mpamene pali nkhawa yanga. Tsiku limenelo likadzafika, ndikupempha kuti a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards adzayambe ayendera makinawo asananyamule mwana ndi mmodzi yemwe, kuti eni ake adzakhale ndi njira yotsitsira anthu magetsi akazima, ndipo kuti mlonda wa pachipata adzakhale munthu wosamva mawu akuti "ndiloleni achimwene, ndi kamodzi kokha." Ndodo yopindika ikaona ndalama njoipa kuposa kusakhala ndi ndodo, pakuti imapatsa makolo chikhulupiriro chabodza.

Potsiriza ndili ndi mapempho atatu, ndipo onse ndi otheka popanda kudikira Aluya kapena Azungu. Loyamba likupita kwa aphunzitsi athu a sayansi: tiloleni tijambule muyeso wa masentimita pa khoma la kalasi, kuti tiziyezana kumayambiriro kwa chigawo chilichonse ndi kuphunzirapo masamu ndi za kakulidwe ka thupi, koma pasakhale wolengeza manambala a mnzake kapena kumupatsa dzina lachipongwe. Lachiwiri likupita kwa ife tonse: pa tchuthi chikubwerachi aliyense ayang'ane m'mbale ya mng'ono wake, ndipo apemphe amayi mwaulemu kuti m'phala muthiridwe nsinjiro, kapena ufa wa nsomba zouma, kapena dzira, ndi kuti tsiku la sikelo lisamaphonyedwe. Lachitatu nlakuti tipemphe chilolezo kwa aphunzitsi aakulu kuti timangire ana a pulaimale katungwe wolimba, wa chingwe chabwino ndi nthambi yoyesedwa, pakuti nawonso ayenera kumva kukoma kwa kuuluka. Akulu anati katungwe nkukankhana: ife tikankhe ang'ono athu lero, kuti akule kutiposa.

Kwa anzanga aafupi ndikuti, musadane ndi ndodo, pakuti inaikidwa kuti mubwerere kwanu amoyo. Kwa anzanga aatali ndikuti, musanyade, pakuti msinkhu wanu simunaugule ndi nzeru zanu. Thokozani amene anakudyetsani. Ndipo amene ali ndi maganizo osiyana ndi angawa atenge cholembera, a Mkonzi adzamupatsa malo m'magazini yotsatira.

Wophunzira wa Folomu 3